PEPALA LA SIKANI YA MIMBA: LIU LOSAMVEKA TISALILEMBE MONGOGANIZIRA

Phunziro la sabata ino likhudza kapepala kamene azimai apakati amabwera nako kunyumba akacokera ku sikani. M'makomboni athu, kaya ndi ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, kapepala aka mudzakapeza katapindidwa m'khadi la sikelo, kapena pansi pa sutikesi pamodzi ndi zitupa zina. Ambiri amakasunga bwino, koma sadziwa zimene kakunena. Ndiponso ndi ocepa amene adziwa kuti mau ali pamenepo nthawi zambiri amayenda ulendo asanafike papepala. Wopima amaona ndi maso, nanena ndi pakamwa, ndipo munthu wina amamva ndi khutu, nalemba.

Pa ulendo umenewu liu likhoza kupotoka. Motero mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi: liu limene silinamveke bwino liyenera kufunsidwa kwa mwini wake amene analinena. Lamulo ili ndi la wolemba lipoti m'cipatala, ndiponso ndi lanu inu amene mulandira pepalalo. Akulu anati safunsa anadya phula, koma pa nkhani ya mimba amene amadya phulalo ndi mai ndi mwana wake.

SIKANI NCIANI?

Sikani ndi kuunika m'mimba ndi makina amene amatumiza mau okwera kwambiri, oti khutu la munthu silingawamve. Mauwo akagunda fupa, mnofu kapena madzi amabwerera, monga umo mau amabwererera munthu akafuula pafupi ndi phiri. Tsono makina amatenga mau obwererawo nkuwasandutsa cithunzi. Mafuta ozizira amene amakupakani pamimba nchito yake ndi kucotsa mpweya pakati pa khungu ndi kacipangizo kopimira, pakuti mpweya umatsekereza mauwo. Sikani ndi yosiyana ndi X-ray, ndipo ilibe ceza cija cimene timaopera azimai apakati.

Nzeru imeneyi inakula mumzinda wa Glasgow ku Scotland. M'caka ca 1958 Profesa Ian Donald pamodzi ndi anzake John MacVicar ndi Tom Brown analemba zimene anapeza m'magazini ya madokotala yochedwa The Lancet. M'caka ca 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mai aliyense wapakati aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24, ndiponso kuti aonane ndi azaumoyo kasanu nkatatu pa mimba yonse. Sikani yoyambirira imeneyi imathandiza kudziwa msinkhu wa mimba, kudziwa ngati muli mapasa, ndi kuona ngati ziwalo za mwana zapangika bwino.

M'MENE MAU AMAFIKIRA PAPEPALA

Wopima akakhala panchito, dzanja limodzi lagwira kacipangizo pamimba, lina lili pa mabatani a makina, maso ali pa galasi, ndipo m'cipinda muli kamdima. Cifukwa cake m'zipatala zambiri iye amangochula zimene akuona, wina nkumalemba, monga lembetso lija tinkacita kusukulu. Wolembayo akhoza kukhala namwino, wophunzira, kapena kalaliki. Kwina wopima amalankhulira m'kacipangizo kojambula mau, ndipo wotaipa amamvetsera pambuyo pake. Masiku ano kulinso makompyuta amene amamva mau nkulemba okha. Kompyuta nayonso imaphonya, ndipo kuphonya kwake nkobvuta kukugwira cifukwa imalemba liu lolakwika ndi malembo okongola, opanda cizindikiro ca kukayika.

Zifukwa zimene liu limapotokera ndi zodziwika. Mau a cipatala ambiri anacokera ku Cilatini ndi Cigiriki, ndipo angakhale Mzungu amene sanaphunzire za mankhwala sawadziwa. Wopima amalankhula mofulumira cifukwa pabenci panja pali mzere wautali. Mwina wabvala cophimba pakamwa, mwina jenereta ikulira kuseri kwa cipinda. Ndiponso madokotala athu anaphunzira m'maiko osiyanasiyana, aliyense ali ndi kachulidwe kake ka Cingerezi. Zonsezi zimacitika ngakhale kwa anthu odziwa nchito ndi osamala.

ZIDULE ZIMENE MUDZAZIONA

Tisanapite patsogolo, tiyeni tidziwe malembo amene amapezeka pa pepala lililonse la sikani.

LMP ndi tsiku loyamba la msambo womaliza. Kuwerenga mimba kumayambira pamenepa.

EDD ndi tsiku limene tiyembekeza kuti mai acira. Limapezeka powerenga masiku 280, ndiko kuti masabata 40, kucokera pa LMP.

GA ndi msinkhu wa mimba. Mukaona 32w 4d ndiye kuti masabata 32 ndi masiku 4.

CRL ndi kutalika kwa mwana kucokera paliwombo kufika kumatako. Umapimidwa m'miyezi itatu yoyamba.

BPD ndi kufutukuka kwa mutu kucokera mbali ina kufika mbali inzake, pamene HC ndi muyeso wozungulira mutu.

AC ndi muyeso wozungulira mimba ya mwana, ndipo FL ndi kutalika kwa fupa la nchafu.

FHR ndi kugunda kwa mtima wa mwana pa mphindi imodzi. Kugunda kwabwino kumakhala pakati pa 110 ndi 160.

AFI ndi muyeso wa madzi amene mwana akhalamo. EFW ndi kulemera kwa mwana kongoyerekeza, ndipo kukhoza kusiyana ndi kulemera kweni-kweni ndi magawo 10 kapena 15 pa 100.

Onani kuti malembo B, D ndi P amamveka mofanana munthu akalankhula mofulumira, monganso AC ndi HC. Wolemba akaika muyeso wa mutu pamalo a muyeso wa mimba, kulemera kwa mwana kumene kudzawerengedwa kucokera pamenepo kudzakhala kolakwika.

MAU OFANANA KUMVEKA KOMA OSIYANA TANTHAUZO

Coyamba ndi mau onena za nsengwa, imene pa Cingerezi amati "placenta". Nsengwa ndiyo imadyetsa mwana ndi kumupatsa mpweya kudzera mumcombo. Pepala likati "posterior" ndiye kuti nsengwa yamera kukhoma lakumbuyo kwa ciberekero, ndipo likati "anterior" yamera kukhoma lakutsogolo. Zonse ziwirizi nzabwino. Koma likati "praevia" ndiye kuti nsengwa yatsekereza khomo la ciberekero pamene mwana ayenera kutulukira. Mau awiriwa, "posterior" ndi "praevia", onse amayamba ndi P ndipo mathero ake amamveka mofanana m'khutu la munthu wotopa. Wolemba akasinthanitsa, mai amene afunika opareshoni adzauzidwa kuti zonse zili bwino, ndipo akhoza kutaya magazi ambiri tsiku locira ali kutali ndi cipatala cacikulu. Zikasinthana mwa njira inayo, mai wopanda bvuto adzagona ndi mantha miyezi ingapo popanda cifukwa.

Palinso mau ena awiri a nsengwa. "Abruption" ndi pamene nsengwa yamatuka mwana asanabadwe, ndipo ndi ngozi ya nthawi yomweyo. "Accreta" ndi pamene nsengwa yalowerera kwambiri m'khoma la ciberekero, kawiri-kawiri mwa mai amene anacitidwapo opareshoni pa mimba yakale. Cithandizo ca matenda awiriwa ncosiyana.

Caciwiri ndi mau onena za madzi a m'nsupa. "Oligohydramnios" ndi kucepa kwa madzi, pamene "polyhydramnios" ndi kuculuka kwa madzi. Mau onse awiri ndi atali, mathero ake ndi amodzi, ndipo kusiyana kuli pa chiyambi pokha, pamene wolankhula amameza mosabvuta. Madzi amacepa ngati nsupa yasweka nkumadontha, ngati nsengwa sikudyetsa bwino mwana, ngati mimba yapitirira masiku, kapena ngati impso za mwana zili ndi bvuto, pakuti kumapeto kwa mimba madzi ambiri a m'nsupa ndi mkodzo wa mwanayo. Madzi amaculuka ngati mai ali ndi matenda a shuga, ngati mwana sakumeza bwino, kapena pa mapasa ena, ndipo nthawi zambiri cifukwa cake sicipezeka. Liu lolakwika lidzacititsa kuti mai apimidwe matenda amene alibe, amene ali nao nkusiyidwa.

Cacitatu ndi timau tating'ono ta kutsogolo kwa liu. "Hypo" ndi kucepa, "hyper" ndi kupitirira muyeso. "Micro" ndi cacing'ono, "macro" ndi cacikulu. Lilembo limodzi lokha limasintha mwana wamutu waung'ono kukhala mwana wamutu waukulu.

Cacinai ndi manambala. M'Cingerezi 13 ndi 30, 14 ndi 40, 15 ndi 50 amamveka ngati amodzi. Palinso kusokoneza mamilimita ndi masentimita, kapena kuiwala kadontho, 4.7 nkukhala 47. Masiku naonso amasokoneza, pakuti makina ena amayamba ndi mwezi polemba deti. Pamenepo 03/07 ikhoza kukhala 3 July kwa ife, pamene makina atanthauza 7 March.

Cacisanu, ndipo coopsya koposa, ndi kaliu kakuti "no". Kaliu aka nkakafupi, kamatha kumezedwa ndi cifuwa kapena kulira kwa citseko. Wopima akati "no abnormality seen" atanthauza kuti sanaone colakwika ciliconse. Kaliuko kakatayika, lipoti lidzanena kuti colakwika caoneka. Momwemonso "not seen" ndi "absent" ndi zinthu ziwiri. Loyamba litanthauza kuti ciwalo sicinaoneke lero, mwina cifukwa mwana wagona cafufumimba. Laciwiri litanthauza kuti ciwaloco palibe. Wolemba alibe ufulu wosinthanitsa mau amenewa.

ZOYENERA KUCITA WOLEMBA LIPOTI

Ndime ino ndi ya anamwino, ophunzira ndi otaipa, koma inunso a panyumba muwerenge kuti mudziwe zimene muyenera kuyembekezera.

1. Liu likapanda kumveka, imani. Ngati wopima ali pomwepo, mufunseni nthawi yomweyo kuti abwereze, ndipo ngati nkofunika achule lilembo limodzi-limodzi. Kufunsa kumatenga masekondi asanu cabe.

2. Ngati mukumvetsera mau ojambulidwa, bwezani pang'ono mumve ciganizo conse, pakuti mau oyandikana nalo amathandiza. Likakanabe kumveka, siyani mpata woonekera bwino ndipo ikani cizindikiro pambali kuti wopima adzadzaze yekha. Mpata wopanda liu aliyense amauona ndipo amafunsa. Liu longoganizira limaoneka ngati loona, ndipo palibe amene amalikayikira.

3. Yerekezani liu ndi manambala a m'lipoti lomwelo. AFI ikakhala pansi pa masentimita 5, madzi ndi ocepa. Ikafika 25 kapena kupitirira, madzi ndi oculuka. Ngati mwamva ngati "poly" koma AFI ndi 3, pali cimene calakwika, ndipo lipoti lisatuluke mpaka mwini wake ataliona.

4. Yerekezani ndi zithunzi zimene makina asindikiza kapena asunga, pakuti miyeso imalembedwa pambali pa cithunzi. Onaninso khadi la sikelo ndi kalata imene mai anabwera nayo.

5. Buku lomasulira mau a cipatala likhale pafupi. Koma dziwani malire ake. Buku limakuuzani kalembedwe ka liu ndi tanthauzo lake. Silingakuuzeni cimene wopima anaona m'mimba mwa mai uyu.

6. Manambala muwabwereze mokweza, nambala imodzi-imodzi. Pamalo ponena 150 monga liu limodzi, nenani 1, 5, 0, ndipo wopima abvomere.

7. Lipoti lisapite kwa mai lisanawerengedwe ndi kusainidwa ndi amene anapima. Kusaina kumatanthauza kuti waliwerenga. Ngati colakwika capezeka pambuyo pake, adule ndi mzere umodzi kuti zakale zizioneka, alembe zoona pambali, asaine ndi kuika deti. Kufuta ndi utoto woyera nkoletsedwa pa mapepala a odwala.

CITSANZO CA KUYEREKEZA MANAMBALA

Tiyerekeze kuti mai wina anayamba msambo womaliza pa 1 March, ndipo wabwera ku sikani pa 19 July. Pamenepo mimba yakwana masabata 20, ndipo tsiku locira lili pa 6 December. Mwana wa masabata 20 amakhala ndi BPD ya mamilimita pafupi-fupi 47, HC pafupi-fupi 175, AC pafupi-fupi 150, ndi FL pafupi-fupi 32.

Tsono wolemba wamva kuti FL ndi 13 kapena 30, sakudziwa bwino. Fupa la mamilimita 13 ndi la mwana wa masabata pafupi-fupi 14, pamene la 30 ligwirizana ndi miyeso inayo. Apa manambala akuloza kuti 30 ndiyo yoona. Komabe wolemba ayenera kufunsa, cifukwa alipo ana ena amene mafupa ao amakhala afupi kaamba ka matenda, ndipo sikani inacitidwa kuti ipeze zinthu zotere.

Cimodzi-modzi ndi AC. Ngati wamva 115 pamalo pa 150, asathamangire kukonza yekha poganiza kuti akuthandiza. Mimba ya mwana yocepa pamene mutu uli bwino ikhoza kukhala cizindikiro cakuti mwana sakukula bwino. Wolemba akakonza nambala kuti ioneke yokongola, wabisa matenda.

Nanga kugunda kwa mtima, 114 kapena 140? Manambala onse awiri ali pakati pa 110 ndi 160, motero kuyerekeza sikungathandize konse. Apa tiona kuti nchito ya kuyerekeza ndi kutiuza pamene pali cokayikitsa. Yankho lake lili ndi wopima yekha, kapena pa cithunzi cimene makina anasunga.

ZOYENERA KUCITA INU A PANYUMBA

Inu amai, ndi inu abambo amene mwaperekeza akazi anu, musanatuluke pa geti la cipatala imani pamthunzi muyang'ane pepalalo. Simufunika kudziwa Cilatini kuti muone zinthu izi.

Onani dzina. M'dera lathu a Phiri, a Banda, a Zulu ndi a Tembo ndi ambiri, ndipo pa benci limodzi pakhoza kukhala azimai awiri a dzina limodzi. Onani zaka zanu zakubadwa, nambala ya khadi, ndi deti la tsikulo. Onani ngati LMP yolembedwa ndi imene munanena. Onani ngati pali siginecha ndi dzina la wopima. Ngati pali mpata wosadzaza, kapena liu lofufutika, kapena dzanja losawerengeka, bwererani mwaulemu nkunena kuti, “Pepani asisita, apa sindikuona bwino, ndithandizeni.” Munthu wodziwa nchito yake sakwiya ndi funso lotere.

Yerekezani zimene munamva ndi zimene zalembedwa. Ngati m'cipinda anakuuzani kuti muli mapasa koma pepala likuti "single", kutanthauza mwana mmodzi, funsani. Ngati anakuuzani kuti mwana watsogoza mutu, pepala liyenera kunena "cephalic". Likati "breech" ndiye kuti watsogoza matako kapena miyendo, ndipo likati "transverse" ndiye kuti wagona copingasa.

Mafunso asanu awa muwafunse kwa wopima kapena kwa azamba a kukiliniki, m'cinenero cimene mumva bwino: Kodi mimba ili ndi masabata angati? Kodi muli mwana mmodzi kapena mapasa? Kodi nsengwa ili pati? Kodi madzi ndi okwanira? Kodi ndiyenera kubweranso liti, ndipo ndikacirire kuti? Mukhoza kupempha kuti mayankho alembedwe mwacidule m'khadi la sikelo.

Pepala la sikani si kalata yoti aneba akumasulireni. Mwana wa sukulu wodziwa Cingerezi akhoza kuwerenga liu bwino-bwino, koma tanthauzo lake pa mimba yanu sangalidziwe. Ena amalemba liu pa foni nkufufuza pa intaneti, ena amajambula pepala nkutumiza ku magulu a WhatsApp. Kumeneko mudzapeza matenda oopsya okha-okha, ndipo mukaphonya lilembo limodzi mudzawerenga za matenda a munthu wina. Ndiponso pepalalo ndi cinsinsi ca mai, siliyenera kuyenda m'mafoni a anthu. Musalembepo kanthu, musafufutepo kanthu. Lisungeni m'pulasitiki pamodzi ndi khadi, kutali ndi dzuwa ndi moto, cifukwa zithunzi za sikani zimada kapena kufufutika zikatenthedwa. Nthawi zonse popita kusikelo, ndiponso tsiku locira, mutenge mapepala onse, akale ndi atsopano.

MAPEPALA AWIRI AKASIYANA

Kawiri-kawiri banja limasokonezeka likaona kuti sikani yaciwiri yapereka tsiku locira losiyana ndi la sikani yoyamba. Apa sikuti nthawi zonse wina walakwitsa kulemba. M'miyezi itatu yoyamba ana onse amakula mofanana, motero sikani ya nthawi imeneyo imaphonya ndi masiku 5 mpaka 7 okha. M'miyezi itatu yomaliza ana amasiyana, wina wamkulu wina wamng'ono, ndipo sikani ikhoza kuphonya ndi masabata atatu. Cifukwa cake tsiku limene linakhazikitsidwa ndi sikani yoyambirira silisinthidwa ndi sikani yocedwa. Ngati sikani yocedwa yaonetsa mwana wocepa, funso ndi lakuti kodi mwana akukula bwino, ndipo azamba kapena dokotala ndiwo ayenera kuyankha. Ici ndi cifukwa cina coyambira sikelo msanga, osadikira kuti mimba ionekere.

Momwemonso ndi nsengwa. Pa masabata 20 ikhoza kupezeka ili m'munsi, pafupi ndi khomo la ciberekero, ndipo pepala lidzati "low-lying". Mwa azimai 10 otere, pafupi-fupi 9 nsengwa imadzapezeka ili pamwamba ciberekero cikakula. Ndiye cifukwa cake amakuuzani kubweranso pa masabata 32. Musalephere kubwera. Ngati nsengwa ikali yotsekereza khomo, mai ayenera kucirira kucipatala kumene kuli cipinda ca opareshoni ndi magazi, monga ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete. Mai wotere asapimidwe kunjira yoberekera ndi munthu aliyense panyumba, asamwe mankhwala a zitsamba ofulumizitsa kucira, ndipo banja likonzeretu ndalama ya galimoto. Apongozi ndi alangizi auzidwe bwino nkhani imeneyi kuti pasakhale kukangana tsiku la ngozi.

Kagonedwe ka mwana nakonso kamasintha. Ana ambiri amene atsogoza matako pakati pa mimba amatembenuka okha, ndipo pofika masiku ocira amatsala 3 kapena 4 pa 100 alionse. Motero liu lakuti "breech" pa masabata 24 lisakusowetseni tulo, koma pa masabata 36 lifunika kukambirana ndi dokotala.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA PEPALA

Pepala la sikani limanena za tsiku limene munapimidwa. Silinena za mawa. Ngakhale litanena kuti zonse zili bwino, thamangirani kucipatala usana kapena usiku mukaona cimodzi mwa izi: kutaya magazi, ngakhale popanda kupweteka, kusweka kwa nsupa masiku asanakwane, mutu waukulu pamodzi ndi kuona zinthu mwacimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka kapena kugwa ngati khunyu, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, ndi mwana kucepetsa kapena kuleka kusewera. Pa nthawi yotere musataye nthawi kufuna munthu wowerenga pepala. Litengeni m'manja, mukawerengetse kucipatala komweko.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

Kwa olemba malipoti: cimene simunamve bwino, siyani mpata ndipo funsani. Nambala yooneka yacilendo musaikonze nokha. Kwa opima: lankhulani momveka, chulani manambala limodzi-limodzi, ndipo werengani musanasaine, ngakhale lipoti litalembedwa ndi kompyuta. Kwa mabanja: onani dzina, deti ndi siginecha musanacoke, funsani mafunso asanu aja, ndipo pepala likamasuliridwe kukiliniki.

Mzere wa kucipatala ndi wautali ndipo aliyense afuna kubwerera msanga kunyumba kapena kumsika. Koma mphindi ziwiri zofunsa liu limodzi nzocepa poyerekeza ndi usiku wofuna-funa galimoto mai akutaya magazi. Dulani tsamba ili mulisunge pamodzi ndi khadi la sikelo, ndipo muwawerengere anzanu amene sadziwa kuwerenga.